A Cheukani Ankatema Kuseri kwa Mtengo

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1952, m'nyumba yomaliza ya m'mudzi mwathu, imene zenera lake la kuseri linkayang'ana nkhalango. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine wotsiriza, mng'ono wawo, telala uja wa pakhonde la golosale. Akubanja andipatsa pepala limodzi kuti ndikuwerengereni, ndipo ndiliwerenga lonse. Koma ndikupempha atsogoleri a mpingo, alamu anga, ana, ndi inu nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, kuti mundilole ndiwonjezepo zimene sizinalembedwe. Ndili ndi mantha, ndipo chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi.

Sukulu anayamba mu 1960 ndipo analekezera Sitandade 6. Masamu ankawazunguza mutu, ndipo iwo eni ankanena kuti mphunzitsi wa masamu anapuma bwino tsiku limene iwo anasiya sukulu. Koma anali ndi mutu wosunga malo. Akadutsa penapake kamodzi, ankatha kukuuzani patapita chaka kuti panali mwala wotani ndi mtengo wopindikira kuti. Mu 1967 anayamba kuyenda ndi bambo athu, amene anali mlenje, kuwathandiza kusenza nyama.

Pa 22 Julayi 1970 bambo athu analowa m'nkhalango okha ndipo sanabwerere. Kunagwa chifunga cha masiku anayi, chija chimene munthu ukatambasula mkono zala zako zimazimirira. Anthu anasaka sabata yathunthu mpaka anagwa ulesi. Amene anawapeza pa tsiku lachisanu ndi chinayi anali malemuwa, ali ndi zaka 18. Anawapeza atatsamira mtengo, mfuti ili pamiyendo. Atawerenga mapazi kuchokera pamtengopo kukafika panjira yobwerera kumudzi, anapeza mapazi mazana atatu okha. Chimene chinawapweteka kwambiri ndi zimene anaona m'matope. Bambo athu njirayo anaipeza. Anaitsata pang'ono kulowera uku, nabwerera, naitsata kulowera uko, kenako naisiya. Njira anali nayo pansi pa mapazi awo, koma sanadziwe kuti kumudzi ndi mbali iti.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chimene ndinatolapo pa imfa imeneyo ndi kuopa nkhalango, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti phazi langa silidzapondamo. Achimwene nawonso anatolapo mantha, koma awo anawanyamula n'kulowa nawo m'nkhalango momwemo.

Mu 1971 anapeza chikwanje ndi kankhwangwa, nayamba kulambula njira za alenje popanda wowatuma. Alenje ankawaseka, kuwafunsa ngati akufuna kumangira nguluwe msewu wa phula. Iwo ankangopitiriza kulambula. Mu 1976 bungwe la alenje linaona lokha kuti anthu asiya kusochera, ndipo linawapatsa ntchitoyo mwalamulo. Anaigwira zaka 46.

Ambiri a inu mumangodziwa kuti ankalowa m'tchire ndi kutuluka. Ndiloleni ndinene mmene ankagwirira, chifukwa sankagwira mwachisawawa. Chaka chilichonse mvula ikangotha ankayambira kumapeto kwa minda. Ankadula minga ndi zilambe, kuchotsa mitengo yogwa, ndi kuyala mitengo yatsopano pamakwawa. Tinjira ta nyama totuluka m'njira yaikulu ankatitseka ndi nthambi kuti munthu wotopa asatengeke nato. Paphewa ankanyamula mtengo wopingasa, ndipo pamene mtengowo wakodwa ankati pamenepo mlenje wosenza nyama akodwanso, n'kuyamba kudula. Zitsa ankazidula pansi penipeni, atagwada, chifukwa ankati munthu amene wasenza katundu saona pamene akuponda. Umboni wake ndili nawo ine. Mathalauza awo ndasoka zigamba zaka makumi anayi, ndipo onse ankang'ambika malo amodzi, m'mawondo.

Dzina lakuti a Cheukani linachokera pakayendedwe kawo. Akayenda mapazi makumi awiri ankaima, n'kucheuka, n'kuyang'ana kumene achokera, kenako n'kupitiriza. Ankatero m'tchire, ankatero pamsika, ankatero popita kutchalitchi. Ife pakhomo tinkati ndi mantha a chilombo, ndipo tinkawaseka nazo pa chakudya. Iwo sankakana. Ankavomera kuti m'nkhalango ankaopa tsiku lililonse, ndipo mlenje wodzitama kuti saopa kanthu ankakana kuyenda naye.

Pa 10 Sepitembala 1977 anamanga banja ndi alamu anga akhala apawa. Alamu anawakana kawiri poyamba, ndipo chifukwa chake anachinena poyera: sangakwatiwe ndi mwamuna amene akuyenda naye koma khosi lili kumbuyo, kuyang'ana atsikana ena. Zinatenga miyezi kuti akhulupirire kuti kumbuyoko kunalibe mtsikana aliyense. Tsiku la ukwati, potuluka m'tchalitchi, mkwati anacheuka katatu, mpaka abusa anawafunsa ngati aiwala chipewa. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi, aakazi atatu ndi mzime wamwamuna amene anabadwa mu 1989. Mzime ameneyu ndi amene anatsata mapazi a agogo ake n'kukhala mlenje. Ine amanditcha bambo aang'ono, ndipo malaya ake oyamba a sukulu ndinasoka ine. Nonse mwaona kuti pa mpando wake lero palibe munthu.

Malemu anali ndi chizindikiro chawo chimene ankatema pamakungwa a mitengo ya m'njira: mizere iwiri yopendekeka, ndi umodzi wodutsa pakati. Chizindikiro chimenechi sichinathere m'nkhalango. Chili pa mipini ya makasu, pa ndowa, pa chitseko cha khola, ngakhale pa tebulo la makina anga osokera, pamene anachitema tsiku lina ndili kuchimbudzi. Ndinkachidziwa kuposa siginecha yanga, ndipo ndikanatha kuchijambula nditatsinzina.

Mu Ogasiti 1994 alenje atatu anagwidwa ndi chifunga kutali, mmodzi atang'ambidwa ntchafu ndi nguluwe. Anatuluka atamusenza, akupapasa mitengo ndi manja, kuchoka pa chizindikiro ichi kufika pa icho. Awiri mwa iwo ndikuwaona akhala kumbuyoko. Kuyambira pamenepo mlenje aliyense ankaphunzitsidwa lamulo la a Cheukani, lakuti chifunga chikagwa usamvere mutu wako, usamvere mnzako, umvere chizindikiro. Mzime wawo analiyamwira lamulo limeneli. Bambo ake akanatema chizindikiro cholozera m'madzi, iye akanalowa m'madzimo.

Kwa inu amene simunafikeko, ndifotokoze mmene njirazo zinakhalira, chifukwa popanda zimenezi simumva zimene ndikufuna kunena. Kumalo akutali kumene alenje amasaka kuli njira ziwiri. Popita amadzera pamtunda, njira yaitali, kuti mphepo isatengere fungo lawo kwa nyama. Pobwerera amatsika n'kudzagwera m'njira ya m'chigwa, imene ili yaifupi. Njira ya m'chigwayi amaigwera chapakati, paliponse pamene nyama yawafikitsa, mwina kuchokera kuphiri la uku, mwina la uko. Ndi yokhotakhota, yopanda chitunda, yopanda mtsinje woti n'kuutsata. Munthu akaiponda ayenera kusankha. Mbali imodzi ndi kumudzi. Mbali inayo imalowera mkati, kumalo akale amene alenje anawasiya mu 2006 phiri litagumuka. Kumeneko njira imathera paphompho, ndipo m'mbali mwake muli zigwembe ndi matope omeza mwendo, kopanda mudzi ulendo wa masiku atatu. Kukayera palibe vuto, chifukwa nsonga ya phiri imaoneka. Kukachita chifunga mitengo yonse imafanana.

Mwina mwaona kuti ndachedwa pa zaka zakale. Ndachita dala. Ndikuopa kufika pa chaka chino, koma pepala landifikitsa.

Mu 2021 madokotala anawapeza ndi matenda a shuga. Maso anayamba kuchita mdima pang'onopang'ono. Mu Meyi 2022 analambula njira zawo komaliza, ndipo pobwerera anabaidwa ndi munga kuphazi lamanzere. Bala limenelo silinapole. Munthu amene anachotsera anzake minga zaka zonsezi anagonekedwa ndi munga umodzi.

Khungwa la mtengo limadzitseka lokha, ndipo chizindikiro chikakhala zaka ziwiri chosatemedwanso chimayamba kufufutika. Pamwamba pa zimenezo, mu Okutobala 2023 moto unadutsa m'chigwa n'kudetsa mitengo yonse. Atamva zimenezi achimwene anasowa mtendere. Bungwe linalonjeza kuti lipeza munthu wina, koma munthuyo sankapezeka, chifukwa ntchito yogwada m'minga siikhala ndi oifuna ambiri. Mzime akanapita, koma kuyambira Febuluwale chaka chino anali m'chipatala ndi bambo ake, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwanyamula popita panja. Tsiku lina ndinawapeza achimwene atakhala pabedi, mbale ya chakudya itazizira pambali, akutchula mitengo ya m'chigwa umodzi umodzi ngati akuitana ana. Misozi inali kutsika. Chibadwire changa ndinali ndisanawaone akulira, ngakhale tsiku limene anapeza bambo athu.

Ndinabwerera kushopu mtima uli kuwawa, ndipo ndinadziuza kuti chizindikirocho ndimachidziwa, manja ndili nawo, chondiletsa ndi mantha a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Pa 4 Meyi ndinatseka shopu. Ndinatenga chikwanje ndi kankhwangwa kuseri kwa chitseko chawo, n'kuuza alamu kuti ndikukakonzetsa mipini. Ndinazinola ndekha, ndinapalasa njinga mpaka kumapeto kwa minda, ndipo ndili ndi zaka 61 ndinalowa m'nkhalango koyamba. Ndinapitanso pa 11 Meyi, ndi pa 18 Meyi, ulendo umene unanditengera masiku awiri.

Ndisakunamizeni kuti ndinalimba mtima. Tsamba likagwa ndinkalumpha. Msana wanga wonse unkandiuza kuti kumbuyo kuli chinthu chikunditsata, ndipo ndinaganiza kuti ndikangocheuka ndichiona. Choncho sindinacheuke ngakhale kamodzi. Ndinkangoyang'ana kutsogolo, kudula nthambi, ndipo mtengo waukulu ukaima patsogolo panga ndinkatema chizindikiro pamene maso anga afika. Ndinkatema mwaukhondo, mizere yofanana, ntchito ya telala. Pobwerera ndinkathamanga maso ali pansi, kutsata nthambi zimene ndadula, ndipo sindinadzifunse n'komwe chifukwa chimene sindinkaonera chizindikiro changa ngakhale chimodzi. Ulendo womaliza ndinapitirira mpaka nthaka inathera patsogolo panga, paphompho paja. Ndinati ndamaliza njira yonse. Mitengo ndinaiwerenga, inakwana 412, ndipo ndinabwerera ndikudzimva kuti ndine mwamuna.

Kenako ndinanama kawiri. Achimwene ndinawauza kuti bungwe latumiza anthu ake ndipo njira ya m'chigwa yalambulidwa. Ndinadziwa kuti ndikati ndine, andikalipira chifukwa cholowa ndekha. Mzime ndinamuuza kuti anthuwo analangizidwa ndi bambo ake eni ali pabedi. Onse awiri anakondwa. Tsiku limenelo achimwene anamaliza mbale yonse n'kupempha ina. Mu Juni anapezako bwino ndipo achipatala anawatulutsa. Ine ndinkayenda pamsewu ndikumwetulira ndekha, ndikuganiza kuti mankhwala amene awadzutsa ndine.

Loweruka lapitali, pa 13 Julayi, mzime ananyamuka ndi alenje anzake awiri. Iye sankafuna kusiya odwala, koma bambo ake anamukakamiza, kumuuza kuti wakhala miyezi isanu akununkha mankhwala, apite akapume mpweya wa m'thengo. Ananyamula chakudya cha masiku asanu, kuti abwerere Lachitatu. Pakhomo bambo ake anamugwira dzanja n'kumukumbutsa lamulo lija, kuti chifunga chikagwa amvere chizindikiro. Ine ndinali nditaima pomwepo, ndikugwedeza mutu kuvomereza.

Lachiwiri chifunga chinagwa. Cheukani nonse muone kumapiriko, mpaka pano sichinachoke. Kumeneko foni siigwira. Lachitatu tinadikira mpaka dzuwa kulowa, osaona munthu. Tinalimbikitsana kuti mwina apha nyama yaikulu ndipo akuyenda pang'onopang'ono.

Lachinayi pa 18 Julayi, cha m'ma 2 koloko masana, achimwene anapempha kuti awapatse kankhwangwa kawo, angokagwira. Alamu anawapatsa. Maso anali atatheratu, koma chala chawo chachikulu chinali chikuonabe. Anachiyendetsa kamodzi kukamwa kwa nkhwangwayo, n'kuuza onse kuti atuluke m'chipinda, ine ndekha nditsale. Anandiuza kuti nkhwangwa imanoledwa mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amene amanola mbali imodzi yokha ndi amene anazolowera kunola sizasi. Anati m'mudzi muno telala ndi mmodzi.

Ndinavomera zonse. Sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ndinatema mbali iti ya mtengo. Ndinayankha, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinayankha monyadira, kuti ndinatema mbali imene imakuyang'ana ukamalowa, kuti munthu aone bwinobwino.

Nkhope imene ndinaona pamenepo sindidzaiiwala. Anandiuza mwakachetechete, mawu akuduka, zimene mlenje aliyense pano amazidziwa, zimene ine m'bale wawo sindinafunsepo zaka zonsezi. Chizindikiro sichitemedwa kumaso kwa mtengo. Chimatemedwa kuseri. Anati munthu wolowa m'nkhalango safuna thandizo, ali ndi mphamvu, ali ndi kamba, ali ndi dzuwa. Chizindikiro ndi cha munthu wobwerera, wotopa, wosenza, amene mutu wamuzungulira. Ndiye chifukwa chake ankacheuka. Sankayang'ana chilombo ayi, ankayang'ana njira mmene adzaionere munthu wobwerera, kuti adziwe potema. Mlenje akagwera m'njira ya m'chigwa amayang'ana uku ndi uko, ndipo mbali imene akuona zizindikiro zikumuyang'ana, kumeneko ndiye kumudzi. Zimenezi anazikonza chifukwa cha bambo athu, kuti pasadzapezekenso munthu woima panjira osadziwa kolowera.

Anthu inu, mwamva zimene ndinachita. Mitengo 412, yotemedwa mwatsopano, yoyera mbee pamakungwa akuda, ndi chizindikiro cha bambo ake, ikumuuza mwana wanga kuti kumudzi ndi kuphompho. Ine amene moyo wanga wonse sindidula nsalu ndisanaone kuti kunja ndi kuti, mkati ndi kuti, sindinaganize kuti mtengo nawonso uli ndi mbali ziwiri.

Achimwene anaitanitsa nsapato zawo za m'tchire. Anaponda pansi ndi phazi la bandeji lija, naima, nayenda mapazi awiri kulowera kuchitseko, nagwa. Nditawanyamula anandigwira kolala ya malaya mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Anandiuza kuti ndiitane alenje nthawi yomweyo. Anati tisataye nthawi kusaka kumtunda, titsate zolakwa zanga zomwezo, chifukwa zitifikitsa kumene anawo alowera. Ndipo anati pa mtengo uliwonse ndicheuke, nditeme kuseri, apo ayi ifenso sitibwerako. Mawu akuti ndicheuke anawabwereza katatu. Atatero lilime linalemera, ndipo sanayankhulenso. Anatisiya 4 koloko madzulo, maso ali kuchitseko.

Papepala pano alemba kuti anamwalira mwamtendere. Amene analemba sananame, sanali m'chipindamo. Ine ndinalimo. Achimwene anga anamwalira ali ndi mantha, ndipo mantha amenewo ndinawapatsa ndine.

Chotsala ndi chimene chikundilemera kuposa zonse. Alenje sindinawaitane. Nyumba inadzaza ndi kulira, ndipo ndinadziuza kuti si nthawi yake, ndinena mawa. Dzulo m'mawa alenje anayi ananyamuka kukasaka. Ndinawaona akumanga zingwe za nsapato pabwalo pano, ndinamva akupangana kuti adzere kumtunda, poti kumeneko ndiye kumene munthu angavulale, ndipo m'chigwa muli zizindikiro za a Cheukani. Ndinawasiya apite. Ndinaopa maso a alamu anga. Ndinaopa maso a amayi a anyamata awiri aja. Ndinabwerera kushopu n'kukasoka nsalu ya m'bokosi ili, ndipo ndinaisoka n'kuisomola katatu. Osakawo anabwerako madzulo chimanjamanja. Cholakwa cha m'nkhalango ndinachita mosadziwa, koma masiku awiri awa ndawataya ndikudziwa.

M'mawa uno mpongozi wanga, mkazi wa mzime, anandipeza kuseri kwa nyumba ndikusamba m'maso. Anagwada n'kundifunsa, monga kwa bambo amene atsala, ngati ndikuganiza kuti mwamuna wake ali moyo. Anawonjeza kuti chimene chikumulimbitsa mtima n'chakuti mwamuna wake sangasochere, chifukwa amatsata zizindikiro za bambo ake. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti sindingaime pano n'kuwerenga pepala lokha.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo chakudya chawo chinali cha masiku asanu. Sindikudziwa ngati anafika paphompho kuli kowala kapena ayi. Sindikudziwa ngati anaima m'mphepete, kapena anatsikira m'zigwembe poganiza kuti njira ikupitirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti mzime ndi mwana wa a Cheukani, amadziwa kupeza madzi ndi kusonkha moto pa nkhuni zonyowa, ndipo bambo ake anamuphunzitsa kuti zizindikiro zikatha munthu akhale pansi adikire. Ngati wamvera zimenezonso, ndiye kuti wakhala penapake kumeneko, akudikira anthu amene sanabwere chifukwa cha ine.

Ndibwerere ku pepala. Malemu amwalira ali ndi zaka 72. Asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka 46. Asiya mlongo wawo mmodzi ndi mng'ono mmodzi, amene mwamumva mmene alili. Asiya zidzukulu khumi ndi mmodzi, ndi mdzukulutuvi mmodzi. Pa chiwerengero cha ana, mwana wawo woyamba amene analemba pepalali anasiya mpata wopanda kanthu, ndipo pamenepo pepala lanyowa. Sindikumudzudzula. Koma ine ndiwerenga, ndipo amene akulemba alembe mmene ndikunenera. Malemu asiya ana anayi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira miyezi isanu osatopa nawo, ngakhale ankawadandaulira tsiku ndi tsiku za udzu umene unatseka kanjira ka kuseri kwa wodi. Ndikuthokoza mpingo, kwaya, amayi amene akhala pamoto kuyambira Lachinayi, kalipentala amene anakhoma bokosi, ndi amuna amene akumba manda. Ndikuthokoza alenje anayi amene anayenda tsiku lonse dzulo kumalo olakwika. Ndikukupepesani pamaso pa anthu onsewa. Alamu anga, mpongozi wanga, makolo a anyamata awiri aja, kwa inu sindipempha kuti mundikhululukire lero. Amene akufuna kundimenya ali ndi ufulu, ndipo sindidzatchinga nkhope, koma adikire tibwereko kaye.

Ndikuthokozanso mwini lole amene anadzipereka kunyamula anthu kupita kumanda, ndipo kwa iyeyo ndili ndi pempho. Kumanda ndi pafupi, anthu ayenda pansi. Loleyo itifikitse ife kumapeto kwa minda. Ine kumanda sindipita. Achimwene sanandipemphe kuti ndiwaperekeze, anandipempha china. Nsapato zimene ndavalazi ndi zawo, zikundikulira, ndaikamo nsanza. Kankhwangwa kali pansi pa mpando wanga, ndakanola mbali zonse ziwiri. Nditsogola ndine, chifukwa mitengo imeneyo ndimaidziwa, ndinaiwononga ndekha. Ndikufuna alenje onse amene miyendo yawo ili bwino, zingwe, machira, madzi ndi chakudya chofewa. Ndipo ndikufuna munthu mmodzi woti aziyenda kumbuyo kwanga, kuti pa mtengo uliwonse, mantha akandiumitsa khosi, azinditchulira dzina la malemu.

Achimwene, a Cheukani, mwagwada m'minga zaka zokwanira, ndipo palibe amene anakuposani pofunira anzake kuti afike kwawo. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere. Ndikudziwa kuti mtendere umenewo simuupeza mpaka mutamva mapazi a alenje atatu aja akulowa pabwalo pano, ndiye tipirireni pang'ono. Abusa, pitirizani mwambo. Alenje, dzukani tizipita kukadali kowala.